Wodiropu yadzadza koma chovala mulibe: mmene mungapungulire zovala ndi zofunda m'nyumba

Nyumba zambiri vuto si kuchepa kwa malo ayi. Wodiropu ilipo, pamwamba pake pali masutikesi, pansi pa bedi pali zikwama zikuluzikulu zamizeremizere zija, koma Lamlungu m'mawa munthu akuvundula zonse kufuna bulauzi imodzi yomwe amavala sabata ndi sabata. Zovala zomwe timavaladi n'zochepa, kungoti zakwiririka ndi zomwe tikusungira tsiku lina: diresi yomwe inasiya kukwana mwana woyamba atangobadwa, mayunifolomu a pulayimale a mwana yemwe pano ali Fomu 3, ndi thumba lija la "izi ndidzapititsa kumudzi" lomwe Khrisimasi ikabwera limangosunthidwa pokolopa basi. Nde ntchito yonse ndi imodzi, chovala chilichonse chikhale ndi munthu yemwe akuchivala panopa. Chomwe chilibe mwini chituluke, ndipo chituluke pa tsiku lodziwika.

Nthawi yabwino ndi Seputembala kapena Okutobala. Chisanu chatha, majuzi ndi mabulangete akufunika kuchapa n'kusunga, dzuwa likuswa mtengo moti chilichonse chikuuma tsiku lomwelo, komanso mvula isanayambe. Mu Januwale musayerekeze, mungochapa zinthu n'kuzisunga zachinyezi. Anzathu a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa mukudziwa nokha kuti bulangete limatha masiku lili pachingwe osauma.

Yambani ndi chipinda chimodzi, ndipo yambani ndi zovala zanu. Za amuna anu musakhudze iwo kulibe, jezi ya Maule kapena ya Noma yong'ambika kukhwapa ija mukaiona ngati chikolopa koma mwini wake akhoza kukusungirani chakukhosi mpaka chaka chamawa. Yalani mphasa kapena shiti pansi, tulutsani zonse, za mu wodiropu, za m'masutikesi, zokoleka kuseri kwa chitseko, osasiya kalikonse mkati. Wodiropu ikakhala yopanda kanthu ipukuteni, yang'anani m'makona ngati muli mazira a mphemvu kapena njira za chiswe, kenako isiyeni yotsegula ipume pamene inu mukusankha.

Posankhapo funso lake likhale lolunjika: dzinja lapitali ndi chisanu chapitachi, ichi ndinavala? Ngati nyengo zonse ziwiri zadutsa chili phee, simudzachivala. Zomwe mukukayikira yesani pompo, osamangoziyang'ana m'manja, chifukwa m'manja siketi iliyonse imaoneka ngati ikwana. Zoti "ndikachepa thupi" siyani chimodzi chokha chomwe mumachikondadi, zinazo zipite, nanga mukadzachepadi simudzafuna zatsopano? Pali zina zomwe funso limeneli silikuzikhudza, monga suti, zovala zakumaliro, yunifolomu ya Mvano, Chigwirizano kapena Umanyano, izi zimavalidwa mwa apo ndi apo koma tsiku lake likafika zimafunika zili bwinobwino, nde zikhale ndi malo akeake.

Mulu wopita kwa telala ndi womwe umapusitsa anthu. Zipi yafa, batani lachoka, mpendero wasosoka, timati tidzakonzetsa, kenako zikubwerera mu wodiropu momwemo. Ziikeni m'jumbo lero, mawa zipite kwa atelala apakhonde, ndipo funsani mtengo kaye. Ngati kukonza buluku kukufanana ndi kugula lina pa kaunjika, lisiyeni. Mabatani ndi zipi yabwino chotsani musunge m'kabotolo, nsaluyo ipite ku sanza.

Tsopano zitenje, apa nde pali nkhani. Chinkhoswe chilichonse chitenje, ukwati chitenje, bridal shower chitenje, kutchalitchi kukakhala chikondwerero chitenje, nthawi ya kampeni zipani nazo zikugawa, mpaka mayi mmodzi ali ndi sutikesi yodzadza pomwe zomwe amamanga tsiku ndi tsiku ndi zitatu zomwezo zosuluka. Chitenje sichitayidwa, izi tonse tikudziwa, koma kusataya sikutanthauza kuunjika. Patulani zapanyumba zophikira ndi zoberekera mwana, patulani zopita nazo kumaliro ndi kutchalitchi, patulaninso zatsopano zomwe simunasoketse. Pa zakale koma zolimba, chapani zingapo muziike m'chikwama chapadera, chifukwa mayi woyembekezera akamapita kuchipatala amafunika zitenje zambiri, wodwala akagonekedwa zimafunikanso, ndipo zimenezi zimabwera usiku munthu usanakonzeke. Zotsalazo zigwire ntchito. Chitenje cha 2 mita chimatuluka mapilokesi awiri, ziwiri zofanana ndi katani ya chipinda cha ana, china apuloni, china chikwama chopita nacho kumsika. Za ukwati wa anthu omwe banja lawo linatha kalekale musamve nazo chisoni, dulani basi.

Popinda zitenje musazisanjikize mulu wautali, chifukwa mukafuna chapansi mulu onse ukugwa ndipo chisokonezo chimayambira pomwepo. Zipindeni timakona ting'onoting'ono n'kuziimika m'dirowa kapena m'dengu, chilichonse chizioneka mtundu wake mukangotsegula. Matisheti a ana ndi mipango chimodzimodzi.

Zofunda sizifuna zambiri. Bedi lililonse mapeyala awiri a mashiti akukwana, ina ili pabedi ina yachapidwa. Pomwe pagona mwana wokodza pogona kapena wodwala onjezerani yachitatu. Mukachapa, pindani mashiti onse awiri ndi pilokesi imodzi n'kuzilowetsa mu pilokesi inzake, peyala yonse izikhala phukusi limodzi, simudzavutikanso kufunafuna inzake ya shiti yamaluwa ija. Za alendo nde musazipungule mopitirira. Kwathu kuno mlendo sachita kupangana naye, achibale abwera kudzaona wodwala ku Queens kapena ku Central, maliro agwa pafupi, mwadzidzidzi pabalaza pagona anthu, choncho mabulangete awiri kapena atatu, mashiti ndi thaulo loyera zikhale zosungidwa padera ndipo ana adziwe kuti si zoseweretsa. Koma bulangete lomwe lapyapyala mpaka kuwala kukudutsa, thaulo lomwe lauma gwa ngati chiguduli, shiti yong'ambika pakati, amenewo si a alendo. Thaulo lakale ndi chikolopa chabwino kwambiri, shiti mudule tizidutswa topukutira mawindo, bulangete lipindidwe likhale choyala positira.

Mdani wamkulu wa zosungidwa ndi chinyezi. Bulangete lingaoneke louma kunja koma mkati likadali ndi madzi, nde liyanikeni tsiku lonse, mulitembenuze, ngati n'lolemera libwererenso padzuwa mawa lake. Mukalitsekera m'pulasitiki lisanaumitse, podzatsegula mudzapeza chuku ndi fungo lomwe silichoka ndi kuchapa kamodzi. Wodiropu isagunde khoma, siyani mpata woti dzanja lilowe, makamaka khoma lomwe mvula imawomba kunja kwake. Masutikesi asakhale pasimenti penipeni, ikani matabwa kapena njerwa pansi. Makatoni ndi otchipa inde koma mphemvu zimaswana momwemo ndipo chiswe chikawapeza chimadya katoni ndi zovala zomwe, bola ndowa zazikulu zapulasitiki zokhala ndi chivindikiro. Makala ouma angapo mu sokosi yakale, kuika pakona ya wodiropu, amathandiza kuchepetsa fungo la chinyezi, muziwasintha pakapita nthawi.

Chuku chikagwira kale, tulutsani chovalacho panja muchikutumule komweko osati m'nyumba, kenako chapani n'kuyanika padzuwa. Zoyera mutha kunyika m'madzi othira Jik pang'ono, zamitundu ayi zisuluka, izo yesani viniga. Koma Jik ndi viniga musaphatikize m'beseni limodzi, zimatulutsa mpweya woipa wopweteka m'maso ndi m'chifuwa. Timipira toyera tonunkha tothamangitsa njenjete tija natonso samalani nato, ana amatiyesa maswiti ndipo ndi poizoni, komanso musaike m'zovala ndi matewera a khanda ngakhale pang'ono.

Maneti a udzudzu ambiri timangowaunjika akale pamwamba pa wodiropu. Neti yonyikidwa m'mankhwala imapangidwa kuti igwire ntchito pafupifupi zaka 3 kapena kuchapidwa ka 20, nde si yochapa sabata iliyonse, ndipo pochapa ndi sopo wamba, madzi ozizira, kuyanika pamthunzi. Yokhala ndi kabowo sokani. Yomwe yatheratu musasungire alendo, mukuwanamiza kuti atetezedwa.

Kenako zoyanika ndi kusita. Kuyanika zovala paudzu kapena pansi n'komwe kumabweretsa mphutsi zija zolowa pakhungu, ntchentche yake imaikira mazira pa nsalu yonyowa makamaka ya fungo la thukuta kapena mkodzo. Yanikani pachingwe, ndipo za ana, zamkati ndi mashiti zisitidwe mbali zonse, kaya ndi simbi yamagetsi kaya yamakala, kutenthako kumapha mazirawo. Chogula pa kaunjika chisalowe mu wodiropu chisanachapidwe, nsikidzi zikangolowa m'nyumba mudzalira nazo.

Pobwezeretsa zinthu, zovala za tsiku ndi tsiku zikhale pomwe dzanja likufika osawerama osakwera pampando. Majuzi, majekete ndi mabulangete a chisanu apite pamwamba kapena m'sutikesi. Ngati mukukhala nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi yopanda wodiropu, paipi kapena ndodo yowongoka yomangirira pakona, mahang'ala, ndi chitenje chophimba fumbi zikukwana. Za ana ziikeni m'munsi kuti azitenga ndi kubwezera okha. Zomwe wamkulu wasiya ndipo mukusungira mng'ono wake, sankhani zolimba zokha, muzimange malinga ndi msinkhu n'kulemba pathumba, "zaka 3 mpaka 4", apo ayi mudzazikumbukira mwanayo atapitirira kale msinkhu. Ngati mng'onoyo kulibe ndipo simukumuyembekezera, pali khanda kwinakwake lomwe likuzifuna lero.

Zopatsa anthu chapani ndi kupinda bwinobwino. Chong'ambika moti inu simungavale ngakhale pokolopa musapatse munthu, kumeneko n'kumutayira zinyalala, ndipo zamkati zakale siziperekedwa. Funsaninso kaye, si aliyense wakumudzi kapena wogwira ntchito pakhomo panu amene akufuna zovala zanu, ena amangolandira chifukwa cha ulemu. Mipingo yambiri imatolera zovala zopita nazo kundende, kuzipatala ndi kwa okalamba, ndipo madzi akasefukira mabulangete ndi zovala za ana zimasowa kwambiri m'makampu, tinaziona nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Zina mutha kugulitsa ndithu, palibe chamanyazi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kaunjika naye anasiya kukhala wotchipa, nde jekete yabwino, nsapato za ana kapena diresi yomwe munavala kamodzi paukwati, mukajambula bwino n'kuika pa status ya WhatsApp kapena pa Facebook, ogula amapezeka.

Chachikulu apa ndi tsiku. Thumba lopita kumudzi limangeni, mulembe dzina la wolandira, muimbe foni kuti katundu akubwera Loweruka ndi auje kapena pa basi yakuti. Mukangouza munthu, manyazi okha akukakamizani kutumiza. Likakhala pakona losamanga, mwana wanu wamkazi atulutsamo kabulauzi, inunso mutulutsamo siketi, pakutha pa mwezi zonse zabwerera.

Zovala za malemu ndi nkhani ina, izi musazipange panokha ngakhale zikudya malo. M'mabanja ambiri zimagawidwa ndi akuluakulu a banja pa nthawi yake, ndipo mukazitulutsa mwakachetechete mutha kuyambitsa mlandu womwe sudzatha. Ngati nthawi yogawa inadutsa koma sutikesi ikadali m'nyumba mwanu, kambani ndi amalume kapena azakhali kuti zithe. Wamasiye yemwe sanakonzeke musamukakamize, ingothandizani kuziyanika padzuwa nthawi ndi nthawi kuti zisaonongeke.

Sanza zotsala musathamangire kuotcha, zambiri masiku ano ndi za nayiloni ndipo utsi wake ndi woipa. Zidutswa zamitundumitundu amazilukira pathumba n'kukhala chopondera pakhomo, zina amazifutsa mu khushoni, za thonje amakaniko ndi okonza njinga amazilandira ndi manja awiri.

Mvula ikamatha cha mu Epulo, tsegulaninso masutikesi ndi ndowa zija, tulutsani mabulangete ndi majuzi awombedwe dzuwa chisanu chisanafike, ndipo muwayese ana majuziwo nthawi yomweyo kuti wofunika kugulira mumudziwe mitengo isanakwere mu Juni.