Mmene mungadziwire tanthauzo la "side" mukamumva m'Chingerezi

Ndimaphunzitsa Chingerezi anthu akuluakulu madzulo akaweruka kuntchito. M'kalasi mwanga mumakhala alonda, amayi ogulitsa kaunjika, anyamata a kabaza, komanso ena amene akukonzekera kukagwira ntchito ku Johannesburg kapena kukasamalira okalamba ku Britain. Mawu aatali sawavutitsa kwenikweni, chifukwa ambiri amakhala ndi tanthauzo limodzi, ukaloweza basi watha. Chimene chimawagwetsa ndi timawu tating'ono timene aliyense amati anatidziwa kale ku pulayimale, ndipo kamodzi mwa timawu timeneti ndi "side". Mukafunsa tanthauzo, kalasi yonse imayankha limodzi kuti "mbali". Sakunama. Koma munthu akakuuzani kuti "this shirt is on the small side", mbaliyo muiika pati? Iye akungonena kuti malayawo acheperako pang'ono.

Ndiye langizo langa loyamba ndi lakuti musathamangire kumasulira. Yang'anani kaye mawu amene ali kutsogolo ndi kumbuyo kwake, ndipo dzifunseni kuti muli kuti ndipo akulankhulayo ndi ndani. Njira imene ndimaphunzitsira ndi iyi.

Yambirani pathupi panu. M'Chingerezi chakalekale mawuwa ankatchula m'nthiti mwa munthu kapena nyama, kuchokera kukhwapa kufika m'chiuno, ndipo matanthauzo enawo anaphukira pamenepa. Dokotala akanena kuti "lie on your side", akufuna mugone cham'mbali, osati chagada kapena chafufumimba. Akafunsa kuti "which side?", yankho lake ndi kumanja kapena kumanzere. Amene mukupita kukasamalira odwala ndi okalamba, mawu awa mudzawamva tsiku lililonse: "turn her onto her left side". Munthu wosatha kudzitembenuza yekha amayenera kutembenuzidwa pafupipafupi kuti asachite zilonda chifukwa chogonera malo amodzi, ndipo mukasokoneza kumanja ndi kumanzere mukhoza kumugoneka pachilonda pomwepo. Pamenepa musachite manyazi kufunsanso.

Kuchoka pathupi, tanthauzo lomwelo limapita pa zinthu. Pepala lili ndi kumaso ndi kuseri, ndiye pamayeso akalemba kuti "write on both sides of the paper", lembani konsekonse. Katoni yolembedwa "this side up" musaizondotse, mkati muli zinthu zosweka kapena zotayika. Msewu nawo uli ndi mbali ziwiri. Ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain galimoto zimayenda kumanzere, "on the left side of the road", koma madalaivala a mathiraki amene amawoloka pa Kasumbalesa kulowa m'dziko la Congo amadziwa kuti kumeneko amasinthira kumanja. Ukakhala mtsinje kapena nyanja, "the other side" ndi tsidya lina. Onani kuti ngakhale pa tanthauzo losavutali, Chichewa chathu chasintha kale mawu kangapo: m'nthiti, kuseri, tsidya.

Chachiwiri, onani ngati "side" waima kutsogolo kwa dzina lina. Akatero, nthawi zambiri akukuuzani kuti chinthucho si chachikulu, ndi chongoperekeza. "Side road" ndi kamsewu kopatuka mumsewu waukulu. "Side door" ndi khomo lam'mbali, kumene nthawi zina amauza antchito kuti azilowera. "Side room" m'chipatala ndi kachipinda ka wodwala mmodzi kunja kwa wodi yaikulu. "Side hustle" ndi kageni kamene mumachita powonjezera pa ntchito yanu, monga mphunzitsi amene amawetanso nkhuku.

Pagulu limeneli pali mawu amene ndimafuna wophunzira wanga aliyense awamvetse bwino, chifukwa akukhudza moyo: "side effects". Izi ndi zina zimene mankhwala amachita m'thupi kupatula ntchito imene mwawamwera. Tsegulani kabokosi ka mankhwala, mupeza kapepala kopindapinda ka zilembo zing'onozing'ono, ndipo penapake pali mutu wakuti "possible side effects". Anthu ambiri akawerenga mndandanda wa pamenepo amachita mantha n'kusiya mankhwala, poganiza kuti zonsezo ziwachitikira. Ayi. Werengani timitu ting'onoting'ono tili pansi pakepo. Pa timapepala ta ku Britain ndi ku Ulaya, "very common" ndi zimene zimachitikira anthu opitirira mmodzi mwa 10 alionse, "common" ndi mpaka mmodzi mwa 10, "uncommon" mpaka mmodzi mwa 100, "rare" mpaka mmodzi mwa 1,000, ndipo "very rare" mpaka mmodzi mwa 10,000. Chitsanzo chimene ambiri amachidziwa ndi mankhwala a TB otchedwa rifampicin, amene amafiiritsa mkodzo. Munthu wosauzidwa amaganiza kuti akukodza magazi. Zoterezi ndi zodziwika ndipo si chifukwa chosiyira mankhwala. Koma kapepala komweko kamatchulanso zizindikiro zimene mukaziona muyenera kuthamangira kuchipatala, monga kutupa nkhope kapena kubanika. Phunzirani funso ili ndipo muzilifunsa kulikonse kumene mwalandira mankhwala: "Are there any side effects?"

Kulesitilanti nkhani yake ndi yosangalatsa, chifukwa maganizo athu ndi a eni chiyankhulochi ndi otembenuzana. Kwathu chakudya ndi nsima, ndiwo zimangoithandiza kutsika. Pa menyu ya Chingerezi chachikulu ndi nyama kapena nsomba, ndipo tchipisi, mpunga, saladi ndi masamba ndiye "sides". Mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa atayamba ntchito yoperekera chakudya pahotela ina kunyanja, anandiuza kuti mlendo anaitanitsa chambo n'kunena kuti "chips as a side, and the sauce on the side, please". M'chiganizo chimodzi mawuwa abwera kawiri, ndipo akunena zinthu ziwiri. Poyamba akuti tchipisi ndiye choperekeza chambocho. Kachiwiriko akuti sosi asathiridwe pansomba, abwere m'kambale kakekake kuti azidzithirira yekha. Ngati mukufuna ntchito ya mtundu umenewu, lowezaninso funso lakuti "any sides with that?"

Chachitatu, ndipo apa m'pamene pali ntchito yambiri, yang'anani mperekezi, kamawu kamene kali kutsogolo monga "on", "by" kapena "to". Kamasintha zonse. Munthu amene ali "by your side" ali nanu pafupi, sakukusiyani nokha, ngati mayi amene akudikirira mwana wake kuchipatala. Amene ali "on your side" akukuikirani kumbuyo pa mkangano kapena pamlandu, ngakhale atakhala kutali. Loya wanu ali "on your side". Mkazi wanu pamaliro a bambo anu ali "by your side". Nkhoswe yabwino paukwati siyenera kuchita "take sides", kutanthauza kukondera, ndipo imamva kaye "both sides of the story", mbali zonse ziwiri. Mawuwa amakhalanso mneni: "he sided with his brother" ndiye kuti anagwirizana ndi mchimwene wake pa nkhaniyo.

"On the side" ndi amene muyenera kusamala naye kwambiri. Kulesitilanti mwamumva kale. Pa nkhani ya ntchito, "she sells clothes on the side" akungonena kuti amagulitsako zovala powonjezera pa ntchito yake, palibe choipa. Koma pa nkhani ya banja, "he has someone on the side" ndi chibwenzi chamseri. Ndipo m'nyumba zambiri ku Britain, munthu akakuuzani kukhitchini kuti "just leave it on the side", akutanthauza kuti muike chinthucho pakauntala. Mawu ndi omwewo, chimene chikukuuzani tanthauzo ndi malo ndi nkhani imene ili mkamwa. N'chifukwa chake ndimaletsa ophunzira anga kulankhula mawuwa okhaokha ponena za munthu. Tchulani chimene munthuyo amachita, kuti womva asaganizire zina.

Pakati pa "on the" ndi "side" pakalowa mfotokozi, tanthauzo limakhala "-ko pang'ono". "On the small side", chocheperako. "On the expensive side", chodulirako. Iyi ndi njira yaulemu yodandaulira, ndipo bwana akanena kuti lipoti lanu lili "on the long side", musamwetulire, akufuna mulifupikitse. Koma pali ena amene satsata lamulo limeneli ndipo muwaloweze paokha. "To be on the safe side" ndi kuchitiratu chinthu popewa ngozi, monga kunyamuka m'mamawa kuopa kuchedwa basi. "Look on the bright side" ndi kulimbikitsa munthu kuti aoneko zabwino zimene zatsala. Palinso "get on the wrong side of someone", kumuputa munthu amene angakuvutitseni, ndi "take someone to one side", chimene ife timati kumutengera pambali.

Okonda mpira muli ndi mwayi, chifukwa aphunzitsi anu ali pa wailesi sabata iliyonse. Owulutsa mpira ndi olemba nkhani zamasewero satopa nawo mawuwa, ndipo kwa iwo "side" ndi timu. "The home side" ndi eni bwalo, "the away side" ndi alendo. Nyuzipepala ikalemba "the Lilongwe side" pa nkhani ya Silver Strikers, kapena "the Blantyre side" ponena Bullets kapena Wanderers, ikungopewa kubwereza dzina. "Ferguson's side" inali Manchester United pa zaka zimene Alex Ferguson ankaiphunzitsa, kuyambira 1986 mpaka 2013. "Five-a-side" ndi mpira wa anthu asanu mbali iliyonse. Wosewera amene ali "sidelined" ali panja chifukwa chovulala kapena chilango, ndipo mawu omwewa amanenedwa kuofesi za munthu amene akumusala pa zokambirana. Ndaona kuti anyamata amene amamvera mpira m'Chingerezi amagwira msanga phunziro lonseli, chifukwa khutu lawo linazolowera kale kuti mawu amodzi amasintha malinga ndi malo.

Pa chibale, "on my mother's side" ndi kuchikazi, "on my father's side" ndi kuchimuna. Chingerezi chimati "uncle" kwa malume ndi kwa bambo aang'ono omwe, choncho mukafuna kusiyanitsa mumawonjezera mawu amenewa. Kuchipatala amafunsanso motero akamafufuza matenda oyenda m'magazi monga shuga: "any diabetes on either side of the family?"

Tsopano za Chingerezi chathu chakuno. Timakonda kunena kuti "how is that side?" kapena "I am this side", pomasulira "kumeneko kuli bwanji?" ndi "ndili kuno". Ine sindinena kuti n'kulakwa. Kuyambira ku Lilongwe, Lusaka, Harare mpaka ku Johannesburg aliyense amamva, ndipo ndi kalankhulidwe kathu kokoma. Kungoti mukalankhula ndi munthu wa ku London kapena ku America, akhoza kukufunsani kuti mbali ya chiyani. Kwa iwo nenani "here", "over there" kapena tchulani malowo. M'kalata yofunsira ntchito ndi pamayeso a MSCE chitaninso chimodzimodzi.

Mawu amene "side" wamatirira kumapeto ambiri amadzifotokoza okha: "roadside", "lakeside", "bedside", "inside", "outside". "Countryside" ndi kumidzi, "upside down" ndi chozondoka, "downside" ndi kuipa kwa chinthu chimene mwina chili ndi ubwino wake. Awiri amene amalakwitsa anthu polemba ndi "beside" ndi "besides". Wopanda "s" ndi pafupi ndi: "sit beside me". Wa "s" ndi kuwonjezera pa: "besides English, she speaks Yao".

Katchulidwe nako kakufunika. Lilime lathu limafuna kutseka mawu alionse ndi lembo la liwu, ndiye timati "saidi". Ena pothawa zimenezi amadula kwambiri mpaka kumveka "site", amene ndi malo omangapo nyumba, kapena "sight", kuona. Mmisiri wouzidwa kuti "go to the other site" akupita kumalo ena antchito, pamene "go to the other side" akungozungulira khoma. Kuti musiyanitse, kokani liwu la pakati pang'ono ponena "side" ndipo malizani ndi "d" wofewa. Ponena "site" lidulani msanga. Dzijambuleni pafoni mukunena awiriwa motsatizana, kenako mvetserani.

Pomaliza, sungani kope. Mukamva mawuwa pa wailesi, kuntchito kapena m'filimu, musalembe "side" yekha ayi. Lembani chiganizo chonse, ndipo pambali pake lembani amene ananena ndi kumene ananenera, kenako Chichewa chimene inuyo mukananena pamalo omwewo. Dikishonale muitsegule pambuyo, ndipo poifufuza musaime pa tanthauzo loyamba, tsikani mpaka pansi pamene amaika ziganizo zokhazikika. Mukakhala pakati pa ntchito ndipo kope lili kutali, funsani mwachindunji. Kwa dokotala kapena bwana, "left or right?" ndi wokwanira. Kwa mlendo patebulo, funsani kuti "do you want it separately?"