Momwe mungapewere ndalama yowonjezera polipira tikiti ya ndege ndi khadi pa intaneti

Mtengo womwe mumauona koyamba pa webusaiti ya kampani ya ndege nthawi zambiri si womwe umachoka mu akaunti yanu. Mwasankha ulendo, mwalemba mayina, mwakana inshuwalansi, kenako pa tsamba lomaliza patulukira kamzere kakang'ono ka ndalama yolipirira ndi khadi. Gwero lake n'lakuti kampaniyo imadulidwa kangachepe ndi mabanki komanso makampani ngati Visa ndi Mastercard pa malonda aliwonse odutsa pa khadi, ndiye ena amangosenzetsa wogula. Maperesenti 2 pa tikiti ya madola 800 ndi madola 16. Mukakhala anayi pabanja, madola 64 apita musanafike n'komwe pabwalo la ndege.

Choyamba, dziwani lamulo lomwe likukhudza malonda anuwo. M'mayiko a European Union, kuyambira pa 13 Januwale 2018 n'koletsedwa kuwonjezera ndalama munthu akalipira ndi khadi wamba la Visa kapena Mastercard. Dziko la United Kingdom linaletsa tsiku lomwelo, ndipo linaphatikizapo makhadi a American Express ndi njira yolipirira pa intaneti ya PayPal. Koma chitetezo cha ku Ulayachi chimagwira pamene banki yomwe inakupatsani khadi ndi banki ya wogulitsa zonse zili m'deralo, komanso sichikhudza makhadi a makampani. Choncho amene ali ndi khadi lochokera kunja kwa Ulaya, kapena akulipira ndi khadi la kuntchito, asadabwe akaona ndalamayo ikadalipo. Ku Australia, malamulo a mu 2016 anakakamiza makampani akuluakulu kuti asamalipitse kuposa zomwe iwo eni amadulidwa, ndipo makampani a ndege anasiya kutchula ndalama imodzi pa munthu aliyense n'kuyamba kuwerengera pa peresenti.

Chachiwiri, pitani mpaka pa tsamba lolipirira koma musadine batani lomaliza. Sankhani njira zolipirira imodziimodzi n'kumayang'ana mtengo wonse womwe uli pansi. Kawirikawiri khadi lotapa ndalama zanu za mu akaunti limadulidwa zochepa kuposa khadi la ngongole, mwinanso osadulidwa konse. Makampani ambiri amasiya njira imodzi yaulere, monga kutumiza ndalama kudzera ku banki kapena kulipira ndi vocha, ngakhale kuti amakonda kuibisa pansi penipeni pa mndandanda. Ena amalola kusungitsa malo kwa maola angapo kuti mukalipire ku ofesi yawo. Pamenepo funsani kaye ngati ofesiyo ilibe ndalama yakeyake yokonzera tikiti, kuopa kuthawa mvula n'kugwera m'dziwe.

Chachitatu ndiye chimadya anthu ambiri osazindikira. Webusaiti ikaona kuti khadi lanu ndi la dziko lina, imakufunsani mwaulemu ngati mungakonde kulipira mu ndalama za kwanu. Zimaoneka ngati akukuthandizani, poti nambala yomwe mwaiona mukuimvetsa bwino. Zoona zake n'zakuti mukavomera, wosintha ndalamayo ndi wogulitsa kapena kampani yomwe amagwira nayo ntchito, ndipo mtengo wawo wosinthira umakhala ndi phindu lawo m'kati. Phindulo nthawi zambiri limaposa ndalama ya khadi yomwe mumaithawa ija, koma nthawi zina silioneka pa mzere wakewake. Pa zikalata amalemba kuti DCC. Inu sankhani ndalama zomwe tikitiyo inatchulidwira poyamba, kaya ndi mayuro, mapaundi kapena madola, kuti asinthe ndi Visa kapena Mastercard pamodzi ndi banki yanu. Nayo PayPal ili ndi kasinthidwe kake, ndipo musanatsimikize malipiro mungathe kusankha kuti wosintha akhale banki yomwe inakupatsani khadi.

Nayo banki yanu ili ndi gawo lake. Mabanki ambiri amadula ndalama pa chilichonse chogulidwa mu ndalama zakunja, ndipo izi simungazione pa webusaiti ya ndege, mumadzazipeza pa sitetimenti. Funsani kubanki kuti amadula maperesenti angati. Ngati muli ndi makhadi awiri, khadi lomwe likudulidwa zochulukirapo pang'ono ndi kampani ya ndege likhoza kukhala lotchipa mukaphatikiza zonse.

Kenako yerekezani mtengo wa kampani ya ndege ndi wa maajenti ogulitsa matikiti pa intaneti. Ena mwa iwo amaonetsa mtengo wotsika womwe umagwira pokhapokha mulipire ndi mtundu umodzi wa khadi, ndipo mukaika lanu mtengo umakwera pansi pa dzina lina, loti ndalama yothandizira kapena yosungitsira malo. Tsegulani masamba awiriwo, mufike kumapeto konsekonse, muyerekeze nambala zomalizazo basi.

Pali malire ake komabe. Ine sindingalangize munthu kutumiza ndalama kudzera ku banki kwa ajenti yemwe sakumudziwa pofuna kupulumutsa madola ochepa. Mukalipira ndi khadi, ndege ikalephereka kapena kampani ikagwa, mumatha kudandaula kubanki kuti akubwezereni ndalama. Ku United Kingdom, gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act la mu 1974 limachititsa kuti banki yopereka khadi la ngongole nayo iyankhe mlandu pa katundu wa pakati pa mapaundi 100 ndi 30,000. Ndalama yotumizidwa mwachindunji ikapita, kuibweza n'kovuta. Pa ulendo wautali wa tikiti yodula, womwe mukugula kudakali miyezi, kulipira peresenti imodzi kapena ziwiri si kutaya.

Musanadine batani, jambulani tsamba lomalizalo kuti mtengo uoneke. Ndalama yodulidwa ikasiyana ndi imeneyo, lemberani kampaniyo ndi chithunzicho, ndipo ikakana pitani kubanki. Ngati ulendowo ukupita kapena kuchokera ku United States, mwagula kwa kampani ya ndege yeniyeniyo, ndipo kwatsala masiku 7 kapena kuposerapo kuti munyamuke, lamulo la kumeneko limafuna kuti kampaniyo ikupatseni maola 24, osungitsa malo musanalipire kapena oletsa tikiti popanda chindapusa. Mukazindikira mochedwa kuti mwalipira mwanjira yodula, onani ngati mungaletse n'kugulanso.