Dokowe akatera m'munda mwanu, musiyeni adye

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, alimi a ku Chipata, Katete ndi Lundazi mumaona mbalame zazitali miyendo zikuyenda pang'onopang'ono m'madambo ndi m'minda yongolimidwa kumene. Ameneyo ndi dokowe. Ana ena amamuthamangira ndi malegeni, koma ine ndikuti aletseni, chifukwa mlendoyu amakugwirirani ganyu osapempha malipiro.

Alipo a mitundu iwiri amene amabwera nthawi ya dzinja. Wamkulu ndi woyera thupi lonse kupatula nthenga zakuda za m'mapiko, ndipo mlomo ndi miyendo yake ndi zofiira. Akaima amafika mita imodzi kapena kupitirirako. Ameneyu amaswana ku Ulaya, m'maiko monga Poland ndi Germany, kumene amamanga zisa pamadenga a nyumba. Kukayamba kuzizira amanyamuka. Sakonda kuoloka nyanja yaikulu, popeza amauluka moyandama pa mpweya wotentha umene umakwera kuchokera pamtunda, choncho ambiri amazungulira ku Turkey, Israel ndi Egypt, n'kutsika mpaka kuno. Pofika Malichi kapena Epulo wabwerera. Kuno saikira mazira. Winayo ndi wocheperako, wakuda koma woyera kumimba. Amaswana kumpoto, kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia, ndipo amafika m'magulu akuluakulu.

Chakudya chawo ndicho chikutikhudza ife alimi: ziwala, dzombe, nkhululu, mbozi, achule, abuluzi, ngakhale mbewa. Pa mbewapo ndikudziwa kuti ife akummawa tikangana naye, koma mbewa imene wadya dokowe ndi yomwe ikanafukula mbewu yanu ya mtedza.

Mukaona adokowe ambiri ataunjikana pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, pitani mukayang'ane pansi pa udzu. Nthawi zambiri pamakhala ntchemberezandonda zimene zangoswa kumene, zija zimayenda chigulu n'kumaliza chimanga chanthete m'masiku ochepa. Mukazipeza, dziwitsani mlangizi wa kampu yanu tsiku lomwelo. Komabe musamuyembekezere dokowe pa zonse. Mbozi ina ija yotchedwa fall armyworm pa Chingerezi, imene inalowa m'Zambia kumapeto kwa 2016, imabisala mkati mwa nsonga ya chimanga, mmene mlomo wake suifikira bwino. Imeneyo muziyenderabe m'munda nokha kawiri pa sabata, mukusuzumira m'nsonga.

Samalani ndi mankhwala. Dokowe akadya mbozi kapena mbewa zakufa ndi poizoni, nayenso amadwala kapena kufa. Poperani pokhapo pamene pali tizilombo, motsata muyezo wolembedwa pabotolo, ndipo chopopera musatsukire kudambo kapena mumtsinje. Mbewa zofa ndi mankhwala zikwirireni mozama.

Adokowe ena oyera amavala kamphete kumwendo, koikidwa ndi ofufuza a ku Ulaya kuti adziwe njira imene mbalameyo imayenda. Mukapeza wakufa ali ndi kamphete kotere, lembani manambala ake ndi malo amene mwamupeza, mukapereke ku ofesi ya zanyama zakuthengo imene muli nayo pafupi.