Kutumizana ma LPO ndi ma invoisi pa intaneti: mmene tinakonzera kwathu kuno ku Dedza

Ine ndili ku stolo pa kakampani kena pa Dedza boma pano, timagula mbatatesi kwa alimi aku Bembeke, kabichi ndi tomato ku Lizulu, simenti ndi mapepala a printa ku Lilongwe. Kale LPO, chikalata choitanitsira katundu kwa sapulaya, imayenda pa minibasi, envulopu kumpatsa kondakitala ndi kangachepe ka fanta kenako iwe kumangoimba foni tsiku lonse kufunsa ngati yafika. Tinasiya zimenezo. Ngati nanunso mukufuna kusiya, nazi zomwe ndingakuuzeni.

Musayambe ndi kugula softiweya. Yambani ndi nambala. LPO iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake yosabwereza, kwathu timalemba ngati DZ-0147, ndiye nambala yomweyo sapulaya ailembe pa delivery note (kapepala kobwera limodzi ndi katundu), ailembenso pa invoisi, ndipo a akaunti polipira aiikenso pa reference ku banki. Zikumveka ngati zachibwana koma ndi pomwe pagona nkhani yonse, chifukwa kompyuta siidziwa kuti "oda ya simenti ija ya sabata yatha" ndi iti, imadziwa nambala basi. Invoisi yobwera yopanda nambala ya LPO timaibweza, ngakhale atakhala malume a bwana.

Kenako khomo likhale limodzi. Tsegulani imelo ya zogulagula yokha, yakampani, yoti anthu awiri kapena atatu azitha kulowamo. Ife tinaphunzira mowawa, mnzathu wina amalandirira ma kotesheni onse pa WhatsApp yake, atasiya ntchito anapita nayo foni yake ndipo mitengo yonse yomwe tinagwirizana ndi masapulaya inapita naye limodzi, tinayambanso kufunsa mmodzimmodzi ngati alendo. Alimi ambiri imelo alibe, palibe vuto, gulani kafoni ka ofesi muikemo WhatsApp Business, kazigona mu ofesi momwemo. Koma voice note si oda. Munthu akanena pakamwa kuti mawa ndibweretsa matumba 40, mutumizireni LPO ya PDF ndipo ayankhe molemba kuti ndalandira, mtengo ndi tsiku ndavomera.

Apa ndichedwepo pang'ono, pa nkhani ya miyezo. Pa fomu yanu ya LPO pakhale malo a dzina la katundu, kuchuluka, muyezo, mtengo wa chimodzi, tsiku lobweretsa ndi kokatsitsira. Pa muyezopo osalemba "thumba". Aliyense amene anagulako mbatatesi pa msewu wa M1 akudziwa kuti thumba lina ndi lija losokerera mutu pamwamba mpaka anyamata awiri kulephera kulikweza, lina ndi lathyathyathya la feteleza, onsewo akuti thumba. Ndowa nayo chimodzimodzi, yosefukira ndi yongofika pamlomo. Lembani makilogalamu, sikelo ikhale pageti, zatha. Tisanachite izi mikangano yambiri sinali ya ndalama ayi, inali ya thumba. Katundu amene mumagula kawirikawiri mupatseni kakhodi, sapulaya aliyense mumutumizire mndandandawo pa Excel kuti dzina lizikhala limodzi, osati uku "pepa A4" uko "bond".

Katundu akafika wa ku stolo awerenge, asaine delivery note, alembe GRN (chikalata cholandirira katundu) ya zimene zalowadi osati zimene zinaitanitsidwa, kenako ajambule zonse ziwiri pompo. Osajambula chithunzi wamba chokhala ndi chala pakona, mu Google Drive pa foni muli kale kabatani ka scan kamene kamasandutsa pepala kukhala PDF yooneka bwino. Dzina la failo likhale nambala ija ndi mtundu wake, DZ-0147-GRN, muike mu folda ya sapulayayo. Akaunti ya Google yaulere imapatsa 15GB, kwa kampani yaing'ono mapepala okhaokha sadzaza msanga. Netiweki ikathawa kapena magetsi akazima jambulanibe, mafailo adzakwera pa Drive zikabwerera.

A akaunti asalipire asanaike mapepala atatu pamodzi, LPO, GRN ndi invoisi. Zikagwirizana ndalama ituluke, zikasiyana invoisi ibwerere ndi chifukwa cholembedwa. Pa invoisi pakhale TPIN ya sapulaya (nambala yake ya msonkho), ndipo ngati analembetsa VAT ku MRA mufunsenso lisiti ya msonkho, PDF yake yokongola ija payokha siikwanira. Ena amaopa kuti pepala la pa intaneti khoti silingalilandire, komatu tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lomwe limazindikira mauthenga ndi masiginecha a pakompyuta. Chikhalirecho ife timasainirana kapepala kamodzi ndi sapulaya aliyense poyamba, kolemba imelo yake, nambala ya foni, akaunti ya ku banki kapena ya Airtel Money kaya Mpamba, ndi dzina la munthu wololedwa kuvomera oda.

Kapepala kameneko kadzakupulumutsani tsiku lomwe kudzabwere imelo yoti tasintha akaunti, lipirani ku iyi. Anthu akuba amachita zimenezi, imelo imaoneka ngati ya sapulaya wanu koma chilembo chimodzi chasinthidwa. Osayankha imeloyo, osaimba nambala yalembedwa mmenemo, imbani nambala ya pa kapepala kaja mumve ndi pakamwa pake.

Mukamva anthu akuti EDI, ndi zomwezi koma zamakampani akuluakulu, oda imachoka mu sistimu ngati SAP kapena Sage nkukalowa yokha mu sistimu ya sapulaya popanda munthu kutaipanso, potsata kalembedwe kogwirizana ngati EDIFACT. Zimafuna ndalama ndi munthu wa IT mbali zonse ziwiri, ndiye kwa ife ogula kabichi pa Lizulu tidikire kaye, koma manambala ndi makhodi mukawakonza pano tsiku losamukira kumeneko simudzavutika.

Yesani kaye ndi masapulaya awiri kwa mwezi umodzi, wina wa mtauni wina wakumudzi, mapepala akale akuyendabe pambali. Wathu wakumudzi anali bambo ena achikulire aku Bembeke, sabata yoyamba amatumiza invoisi atajambula chozondoka, tinachita kuitana mwana wawo wa Fomu 3 nkumuonetsa kabatani ka scan kaja, pano ndi iyeyo amatumiza akaweruka kusukulu.