Momwe mungapezere pogona pabwino ndi boti laling'ono pa mtsinje wa Thames

Ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi tinazolowera kuti pamene wakocheza bwato madzulo ndi pomwe ukalipeze m'mawa, pokhapokha mwera utavuta usiku. Madzi a nyanja yathu amakwera mvula ikagwa n'kumatsika m'chilimwe, pang'onopang'ono, moti sungaone ndi maso. Thames, mtsinje wa ku London, ndi wina. Kuchokera ku Teddington, kumtunda kwa mzindawu, kukafika kunyanja, mtunda wa makilomita pafupifupi 150, madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri tsiku lililonse, ndipo pa London Bridge amatha kukwera ndi kutsika ndi mamita pafupifupi 7. Pamene munaponya nangula madzi ali ndendende, pakatha maola 6 pakhoza kukhala matope okhaokha. Mtsinjenso umatembenuka: nthawi ina ukuthamangira kunyanja, nthawi ina ukubwerera kumtunda.

Ndalemba izi poganizira abale athu okhala ku Britain amene ayamba kuyenda pamadzi ndi anzawo, ena mpaka kugula kaboti kawo. Nkhani yake ndi imodzi: malo ogona amasankhidwa mudakali pamtunda, cholembera chili m'manja, osati dzuwa litalowa muli pakati pa sitima zikuluzikulu.

Yambani mwavomereza kuti mu London simuponya nangula

Ambiri amalakalaka kugona moyang'anana ndi Tower Bridge. Chotsani maganizo amenewo. Bungwe la Port of London Authority, lomwe limayang'anira mtsinjewu, silola kuponya nangula m'njira yodutsa sitima pokhapokha pa ngozi, ndipo mkati mwa mzinda njirayo imatenga pafupifupi mtsinje wonse. Pansi pa madzi padutsa misewu ya pansi panthaka, ya Rotherhithe, Blackwall ndi Dartford, komanso mawaya ndi mapaipi. Pansi pomwepo pali maunyolo akale ndi zinyalala zomwe zikakola nangula wanu simumuonanso. Maboti othamanga onyamula anthu amautsa mafunde omwe amagunda zipupa za m'mbali n'kubwereranso, moti boti laling'ono limangoti uku ndi uku osapuma mpaka usiku kwambiri.

Kuchuluka kwa maboti pa mtsinjewu si nkhani yamasewera. Usiku wa pa 20 Ogasiti 1989 boti lachisangalalo la Marchioness linagundidwa ndi sitima yonyamula mchenga ya Bowbelle pafupi ndi Southwark Bridge, ndipo anthu 51 anafa. Ngozi imeneyi ndi imene inachititsa kuti mu 2002 bungwe lopulumutsa anthu pamadzi la RNLI litsegule malo ake ku Teddington, Chiswick, Tower ndi Gravesend.

Choncho mu mzinda mumagona m'marina, madoko otetezeka okocheza maboti ang'onoang'ono: St Katharine Docks pafupi ndi Tower Bridge, Limehouse Basin, kapena South Dock ku Rotherhithe. Onsewa mumalowa kudzera pa chipata cha madzi chomwe chimatsegulidwa madzi akakwera mokwanira basi. Imbani foni masiku angapo ulendo usanafike, musungitse malo, ndipo mufunse nthawi yeniyeni yotsegulira patsiku lanulo. Funsaninso kumene mungadikirire mukafika msanga kapena mukachedwa, chifukwa funso limeneli ndi lomwe anthu amaiwala.

Sankhani malo kumunsi, kunja kwa njira ya sitima

Malo enieni oponya nangula ali kumathiriro, makamaka mu mtsinje wa Medway womwe umakumana ndi Thames pa Sheerness. Odziwika kwambiri ndi Stangate Creek, kamtsinje kopatuka kumanzere mukamalowa mu Medway, ndi Sharfleet Creek komwe kamaphukira m'kati mwake. Kalekale sitima zochokera kumaiko a miliri ankazibindikiritsa kumeneku. Lero kuli zii, mbalame ndi madambo okhaokha, ndipo pansi pake ndi matope ogwira nangula bwino. Ngati simukufuna za nangula, ku Queenborough, pakhomo la kumadzulo la mtsinje wa Swale, kuli ma buoy (zoyandama zomangirirapo boti) a alendo ndi pokocheza pofikika nthawi iliyonse, madzi akwere kapena aphwe. Kuchokera kumeneko kukafika ku Tower Bridge ndi makilomita oposa 70, ulendo womwe ambiri amauyamba madzi ataphweratu kuti mtsinje podzaza uziwakankha kumbuyo. Pakati pa njira, ku Gravesend, ku Erith ndi ku Greenwich, kuli makalabu a maboti omwe amatha kubwereketsa buoy kwa mlendo amene wapempheratu. Musamangirire pa buoy ya eni musanafunse. Simudziwa ngati unyolo wake pansi uli wamoyo, ndiponso mwini wake angafike pakati pa usiku.

Potsegula mapu a pamadzi, yang'anani zinthu izi: kodi malowo ali kunja kwa njira ya sitima, kodi pansi ndi matope kapena miyala, kodi pali chizindikiro cha mawaya kapena choletsa nangula. Kenaka onani zanyengo, ndipo muone za m'mawa mwake, osati za madzulo okha. Mtunda wa kumeneku ndi wathyathyathya, sutchinga mphepo kwenikweni. Chimene umachita ndi kuletsa mafunde kukula. Choncho sankhani mbali imene mphepo ikuchokera kumtunda. Stangate Creek yayenda kuchokera kumpoto kupita kummwera, ndiye mphepo yamphamvu ya kumpoto imalowa mowongoka. Mphepoyo ikakumana ndi madzi otuluka, mafunde amaima njoo, aafupiafupi, ndipo tulo simutiona. Tsiku lotero ndi bwino kupinda kulowa mu Sharfleet.

Mukamalowa mu Medway, mudzaona ma buoy ochenjeza atazungulira sitima yomira pafupi ndi Sheerness. Imeneyo ndi SS Richard Montgomery, yomwe inamira mu 1944 ili ndi mabomba, ndipo matani pafupifupi 1,400 a zophulika akadali momwemo. Ndi malo oletsedwa. Talikiraninso doko la sitima za gasi ku Isle of Grain.

Lembani malo awiri, osati amodzi, ndipo achiwiriwo akhale oti mungafikeko kusanade.

Werengerani madzi

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndichedwapo. Madzi amadzaza pakatha maola 12 ndi mphindi 25, pafupifupi, ndiye nthawi yake imasuntha tsiku ndi tsiku. Kukula kwakenso kumatsata mwezi. Masiku awiri kapena atatu mwezi utakhala wathunthu, kapena utangobadwa, madzi amakwera kwambiri ndi kuphwanso kwambiri; mwezi ukakhala theka, kusiyanako kumachepa. Ku Sheerness kusiyanako kumaposa mamita 5 masiku aakuluwo. Ndandanda ya nthawi ndi msinkhu wa madzi imapezeka pa intaneti ndi m'mabuku a oyenda pamadzi. Samalani ndi ola: ndandanda zina zimalembedwa mu nthawi ya GMT, ndiye m'miyezi yotentha mumaonjezera ola limodzi.

Madzi satsika mofanana ola ndi ola. Gawani kutsika konse m'magawo 12. Ola loyamba amatsika gawo 1, lachiwiri magawo 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Podzaza n'chimodzimodzi.

Tiyerekeze kuti ndandanda ikuti madzi adzadzaza pa mamita 5.6 ndi kuphwa pa 0.8. Kusiyana ndi mamita 4.8, gawo limodzi ndi 0.4. Mwafika patatha maola awiri madzi atayamba kutsika. Atsika kale magawo 3, omwe ndi mamita 1.2, ndipo atsala kutsika mamita 3.6. Makina oyezera kuya akuonetsa mamita 5, ndipo mtima wanu ukuti apa m'pakuya ndithu. Chotsani 3.6: patsala mamita 1.4. Ngati boti lanu limamira mamita 1.5 m'madzi, pakati pa usiku likhala pansi n'kupendekeka. Kuti mugone mwamtendere, phatikizani 1.5 wa boti, mita 1 yosiyira, ndi 3.6 wotsala uja. Mukufunika pamalo posachepera mamita 6.1 panthawi imene mwafikayo. Dziwaninso ngati makina anu amayamba kuwerenga pamwamba pa madzi kapena pansi pa boti, chifukwa maboti amasiyana.

Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. Ulendo wina tinafika mochedwa, titatopa, ndipo tinakhulupirira makina osachita masamu. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinadzidzimuka ndikugubuduka pabedi, boti litagonera mbali imodzi, mbale zikugwa. Panalibe wovulala, koma tinakhala maola atatu tili maso, tikupemphera kuti madzi pobwerera alidzutse botilo asanalowe m'kati. Ana akadakhalamo sindikudziwa kuti tikadatani.

Masamu achiwiri ndi a unyolo. Utali wake umawerengedwa pa madzi odzaza, osati amene mwawapeza. M'chitsanzo chathu, 6.1 kuphatikiza 1.2 ndi mamita 7.3, ndipo mukaonjeza mita 1 ya kuchokera pamadzi kufika pamphuno ya boti, ndi 8.3. Unyolo umafunika kuchulukitsa kanayi, ndiye mamita pafupifupi 33. Ngati ndi chingwe chokhala ndi unyolo wochepa kumapeto, chulukitsani ka 6. Onani ndandanda ya m'mawa mwakenso, poti madzi otsatirawo akhoza kukwera kuposa a madzulo.

Chotsatira chake n'chakuti madzi akaphwa unyolo wonsewo umagona chotambalala, ndipo boti la mamita 9 likhoza kuzungulira bwalo la mamita oposa 40 kuchokera pamene pali nangula, mbali iliyonse. M'timitsinje timeneti pakati m'pakuya koma m'mbali mumakwera mwadzidzidzi. N'chifukwa chake kufika madzi ataphwa, kapena atatsala pang'ono, kuli ndi ubwino wake: matope onse ali poyera, ndipo mumaona ndi maso anu pamene ngalande yeniyeni yadutsa.

Kuponya nangula

Musathamangire kuponya. Zungulirani kaye bwalo lonselo pang'onopang'ono, maso ali pa makina a kuya. Onani momwe maboti ena aimira, ndipo kumbukirani kuti amene anayamba kufika ndiye mwini malo; mukayandikana kwambiri, wosamuka ndinu. Boti lomangirira pa buoy limazungulira kabwalo kakang'ono kusiyana ndi lanu, ndiye musaime pafupi nalo.

Lozetsani mphuno kumene madzi akuchokera, imitsani boti, ndipo mutsitse nangula ndi dzanja kapena makina mpaka afike pansi. Musamuponye ndi unyolo wonse nthawi imodzi, ungaunjikane pamwamba pake n'kumukola. Masulani unyolo pamene madzi akulibweza boti m'mbuyo. Ukatha utali umene munawerengera, mangani, ndipo mukoke ndi injini chammbuyo, poyamba mofatsa, kenaka mwamphamvu. M'matope ofewa nangula amafuna nthawi kuti amire, ndiye kumukoka mwaukali msanga kumangomulimitsa mzere. Gwirani unyolo ndi dzanja kunja kwa mphuno: ukamanjenjemera ndi kudumphadumpha, nangula akukhwekhwereka. Zulani muyambirenso.

Kenaka pezani zinthu ziwiri pamtunda zoima mzere umodzi cham'mbali mwanu, monga mtengo wa magetsi ndi nyumba ili kumbuyo kwake. Zikayamba kutalikirana, boti likuyenda. Sankhani zoti zidzaonekabe usiku. Tcherani alamu ya nangula pa GPS kapena pafoni, komanso alamu ya kuya.

Usiku

Yatsani nyale yoyera yooneka mbali zonse, ndipo masana mupachike mpira wakuda kutsogolo. Malamulo a panyanja amalola maboti osakwana mamita 7 kusayatsa, koma osati pafupi ndi njira ya sitima kapena pamene ena amaponya anangula, ndiye pa mtsinje ngati uwu ingoyatsani. Ine ndimakonda kupachikanso ina m'munsi, chifukwa nyale ya pamwamba pa mlongoti imasokonekera ndi magetsi a pamtunda kwa munthu amene akubwera ndi kaboti.

Wailesi ya VHF, yolankhulirana pamadzi, ikhale yoyatsa. Mu Medway mvetserani tchanelo 74. Pa Thames, London VTS, ofesi yolondolera sitima, imapezeka pa 69 kumathiriro, pa 68 kukafika ku Crayfordness, ndi pa 14 kuchokera pamenepo kupita mu mzinda, komwenso mumapempha chilolezo chodutsa pa Thames Barrier, zipata zotchinga madzi osefukira, ku Woolwich. Pa ngozi ndi tchanelo 16, kapena imbani 999 mupemphe Coastguard, oyang'anira zopulumutsa anthu panyanja. Uzaninso munthu wina kunyumba kumene mwagona ndi nthawi imene mudzamuimbire.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene madzi akutembenuka. Boti limazungulira n'kuyamba kukoka nangula chobwerera, ndipo akhoza kuzuka osagwiranso, makamaka ngati unyolo wamukulunga. Tcherani wotchi pa nthawi imeneyo, dzukani, valani jekete yoyandamitsa, tulukani muone zizindikiro zanu zija mpaka boti litakhazikika mbali yatsopano. Kiyi wa injini akhale pamalo pake, tochi pafupi.

Boti likakhala pansi ngakhale munayesetsa, musatsike kuti mulikankhe. Matope a Medway ndi Thames amameza munthu mpaka m'chiuno, ndipo madzi pobwerera sadikira. Tsekani mazenera ndi mabowo onse a mbali imene lagonera, sunthirani katundu wolemera mbali ya kumtunda kwa gombe, dziwitsani Coastguard kumene muli ngakhale palibe wovulala, ndipo mudikire madzi muli m'kati, majekete mutavala.

M'mawa pozula, konzeranitu ndowa ndi burashi. Unyolo umatuluka utakutidwa ndi matope akuda onunkha, ndipo ndi bwino kuutsuka ukamakwera usanalowe m'bokosi mwake. Nangula akakana kuzuka, fupikitsani unyolo mpaka uime chilili, mumange, n'kusiya madzi odzaza alinyamule boti limodzi naye.