Kamphaka ka Siamese kakabisala kunsi kwa bedi, musakakoke

Tsiku loyamba kamphaka katsopano kamathawira kunsi kwa bedi kapena kuseri kwa kabati, n'kungoti zii, maso abuluu aja ali tong'o. Musakakoke. Mukakatulutsa mokakamiza mantha amangowonjezeka, mawa kadzabisala pomwe dzanja silifika.

Kapatseni chipinda chimodzi chaching'ono, chitseko chotseka, osati nyumba yonse. Gonekani katoni cham'mbali, muyalemo kansalu kofewa. Mukapeza kansalu komwe kankagonera pamodzi ndi make ndiye bwino kwambiri, fungo lija limakakhazika mtima pansi. Chakudya ndi madzi zikhale pangodya ina, beseni la mchenga pangodya inanso, poti mphaka sakonda kudyera pafupi ndi pomwe amadzithandizira. Chakudyacho chikhale chomwe kanazolowera, chifukwa kusintha mwadzidzidzi kumakatsegula m'mimba. Mkaka wa ng'ombe nawonso umatero, ngakhale ambiri amaganiza kuti ndi chifundo.

Inuyo khalani pansi chapatali, muziyankhula motsitsa mawu. Musakayang'anitsitse; phethirani pang'onopang'ono n'kuyang'ana kumbali. Kenako tambasulani chala chimodzi, kabwere kokha kudzanunkhiza. Ena amakoka kachingwe pansi, ndipo kaphazi kamatulukira kunsi kwa bedi kaye thupi lisanatuluke.

Amphaka a Siamese, omwe kwawo ndi ku Thailand, ndi olongolola ndipo sakonda kukhala okha. Usiku kakamalira mokuwa ngati khanda musadabwe, kakufuna make. Kakangozolowera kazikulondolani mpaka kubafa.

Koma kakatha maola 24 osalawa kanthu, pitani nako kwa dokotala wa ziweto. Kamwana kotere kamafooka msanga.