Kumanga maraki a mapaleti ndi mezanini mu weyahausi, poyambira ndi pansi mwapondapo

Ambiri malo akayamba kuchepa mu weyahausi amathamangira kufunsa mtengo wa maraki, mashelefu aakulu achitsulo osanjapo mapaleti a katundu, koma zitsulozo ndi zomalizira abale anga, musanaimbe foni kwa ogulitsa mukuyenera kudziwa kuti paleti yanu imodzi imalemera bwanji, forklift yomwe muli nayo imatembenuka pamalo aakulu bwanji, komanso simenti ya pansiyo ndi yokhuthala bwanji. Zitatuzi zikalakwika olo mugule maraki odula chotani ntchito yagwa kale.

Tiyambe ndi kulemera chifukwa apa mpamene anthu amadzinamiza. Matumba 20 a feteleza kapena chimanga a makilogalamu 50 ndi tani imodzi, kuphatikizanso paleti yeniyeniyo yomwe imakhala ndi makilogalamu ake 25 kapena 30. Mukasanja matumba 40 a simenti pa paleti imodzi monga ena amachitira ndiye kuti matani awiri amenewo. Tsono tiyerekeze muli ndi mapaleti a tani imodzi, awiri pa levulo iliyonse, malevulo anayi m'mwamba. Chipinda chimodzi cha raki, mpata wa pakati pa mafelemu awiri, chanyamula matani 8, felemu ndiye mizati iwiri yoimirira yolumikizidwa ndi tizitsulo topingasa, ndipo felemu ya pakati pa zipinda ziwiri imasenza theka la mbali iyi ndi theka la mbali inayo, ndiye kuti matani 8 onse akutsikira pa miyendo iwiri yokha, mwendo uliwonse matani 4 pa kachitsulo kongokula ngati chikhatho chanu. Nchifukwa chake ndimakakamira nkhani ya pansi. Kawirikawiri opanga maraki amafuna konkire yosachepera masentimita 15 kukhuthala kwake, yothiridwa pa dothi losindilidwa bwino, koma mashedi ambiri akale m'madera ngati Kanengo, Makata, Ginnery Corner kaya Luwinga anamangidwa kuti anthu azingounjika matumba pansi, ndipo eni nyumba ena sadziwa nkomwe kuti pansipo anathira zochuluka bwanji. Musakhulupirire pakamwa. Boolani malo angapo muyeze nokha, pakati ndi m'makona, ndipo mukaona dirilo yangolowa pang'ono nkuyamba kutulutsa dothi lofiira imani kaye muitane injiniya. Ngati konkire ndi yatsopano idikireni masiku 28 musanaboole kapena kuisenzetsa katundu, changu apa chimabala ming'alu basi.

Mapaleti omwe amayenda kwambiri kuno ndi a 1200 x 1000 mm, ngati a buluu a CHEP aja obwera ndi katundu wa ku South Africa, ndi a 1200 x 800 mm a ku Ulaya omwe mumawapeza m'makontena. Yezani anu, osangoganiza, makamaka ngati munakhometsa kwa kalipentala chifukwa amenewo iliyonse imakhala ndi saizi yake. Paleti ikamalowa cha m'litali, mbali ya 1200 kulowera mkati, felemu imakhala ya 1100 mm kulowera mkati kuti paleti itsalire masentimita 5 kutsogolo ndi 5 kumbuyo, ikhale bwinobwino pa mitanda yonse iwiri, zitsulo zogona zokolekedwa pa mizati zija. Mtanda wa 2700 mm umakwana mapaleti atatu a 800 kapena awiri ngati mbali ya 1200 yayang'ana kunjira. Pakati pa paleti ndi inzake, komanso pakati pa paleti ndi mzati, siyani mpata wosachepera 75 mm, chimodzimodzinso pamwamba pa katundu, dalaivala wa forklift akufunika konyamulira asanatulutse. Ndipo muyeze katundu atasanjidwa kale chifukwa matumba amafufuma nkupitirira paleti.

Njira za pakati ndiye pomwe bwana amafuna kubera malo. Forklift wamba ija ya dizilo kapena gasi imafuna njira ya mamita 3.5 mpaka 4, ya reach, yomwe foloko yake imatambasukira kutsogolo, imakwana pa mamita pafupifupi 2.8 mpaka 3, ndipo mpata umenewu mumayeza kuchokera pa katundu kufika pa katundu wa mbali inayo, osati chitsulo ndi chitsulo. Mukachepetsa njira kuti mulowetse mzere wina woonjezera mudzaulipira ndi mizati yopindika, dalaivala sangachitire mwina. Onaninso kuti forklift yanu imakweza mpaka pati ndipo ikafika pamwambapo imanyamula zingati, kachitsulo kolembedwa pambali pa mpando kamanena, chifukwa yomwe imanyamula matani 2.5 pansi sikuti imanyamulanso omwewo foloko ili m'mwamba kotheratu. Kudenga yang'anani matrasi, magetsi ndi mapaipi.

Pogula, zatsopano zambiri zimabwera pa thiraki kuchokera ku Johannesburg kapena Durban kudzera pa Mwanza kaya pa Dedza, zina pa kontena kuchokera ku China kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndiye kuitanitsanso kachidutswa kamodzi koiwalika ndi nkhani ya masabata ambirimbiri, onjezeranitu mapini, mabawuti, mashimu omwe ndi tizitsulo topyapyala toika pansi pa phazi la mzati, ndi mizati ingapo yapadera pa oda yoyamba yomweyo. Zogwiritsidwapo kale ntchito si zoipa, bola zisakhale zopindika, zadzimbiri kumiyendo kapena zowotchereredwa, ndipo zikhale za kampani imodzi. Dexion, Mecalux, SSI Schaefer, aliyense ali ndi kabooledwe kake ka mzati ndi zokowera zake, mtanda wa uyu ukhoza kuoneka ngati walowa pa mzati wa uyo koma mano ake sanagwire onse. Wogulitsa akalephera kukupatsani pepala losonyeza kuti mitandayo ndi mafelemuwo amanyamula zingati, ine ndingakuuzeni kuti musiyeni. Zoti owotcherera a pamsika akupangireni raki ya mapaleti ndi engo layini, aaa ayi, akupangireni mashelefu a makatoni opepuka ofikira ndi manja, pamenepo palibe vuto, koma osati zosenza matani pamwamba pa mitu ya anthu.

Tsiku lomanga sesani pansi ponse, pezani anthu osachepera anayi, zipewa zolimba, jombo zachitsulo kutsogolo, magolovesi chifukwa m'mphepete mwa zitsulozi mumacheka, ndipo jenereta ikhale pafupi poti magetsi akathima muli pakati poboola tsiku lapita. Jambulani mizere pansi ndi chingwe cha choko kuyambira ku khoma lomwe lili lowongoka, ndipo kuti mudziwe kuti kona yanu ili sikweya gwiritsani ntchito kayezedwe ka amisiri omanga nyumba kaja, mamita 3 mbali iyi, 4 mbali inayo, chopingasa chikwane 5 ndendende. Makoma ambiri ndi okhota, khulupirirani chingwe chanu.

Mafelemu akabwera osamanga amangireni pansi atagona pa timatabwa, mizati iwiri, tizitsulo topingasa tija motsatira chojambula cha opanga, mabawuti onse muyambe mwalowetsa osalimbitsa kenako muyeze chopingasa mbali zonse ziwiri ndiye mulimbitse. Dzutsani felemu yoyamba anthu awiri aigwire, dzutsani yachiwiri, kolekani mitanda iwiri ya pansi kenako ya pamwamba, chipinda choyamba chaima chokha. Mafelemu aatali kwambiri, oposa mamita 5 kapena 6, musalimbane nawo ndi manja, nyamulirani makina. Chipinda choyambachi chitherani nthawi ndithu, levulo pa mzati kutsogolo ndi m'mbali, tepi chopingasa, chifukwa chikapendekeka pang'ono mzere wonse umatsatira ndipo pofika kumapeto mitanda imakana kulowa, anyamata nkuyamba kumenya ndi hamala yaikulu, zomwe zimangopinda zokowera. Werengani mabowo kuchokera pansi pa mzati uliwonse ndipo lembani ndi choko pomwe mtanda ukulowa, kulakwitsa ndi bowo limodzi nkosavuta ndipo maso saona msanga.

Mtanda uliwonse ukangolowa ikani pini yake mbali zonse ziwiri pompo, osati tidzaika pomaliza. Kapini kameneka sikanyamula katundu, ntchito yake ndi yoti foloko ikagunda mtanda kuchokera pansi usazuke, ndipo ndi komwe kamasowa koyambirira, ena amaikapo msomali kapena waya, ayi, ikani kake kapena bawuti ndi nati ya saizi yomwe opanga analola.

Pomwe pansi pali potsika ikani mashimu achitsulo ofanana kukula ndi phazi la mzati. Katoni, thabwa, chidutswa cha tayala, zonsezi zimaphwanyika katundu akakwera. Mzati wopanda katundu usapendekeke kupitirira 1 pa 350 ya kutalika kwake, ndiye kuti wa mamita 6 ndi mamilimita 17 okha basi. Mukakhutira kuti mzere wawongoka ndi pomwe mumaboola, mabawuti a pansi amakhala a saizi ya M10 kapena M12 kutengera opanga, ndipo phazi lililonse limangidwe, la kutsogolo ndi la kumbuyo lomwe. Mukaboola pemererani fumbi lituluke m'bowomo, bawuti yolowa pa fumbi imaoneka ngati yagwira koma mukaikoka imabwera. Mukagunda chitsulo cha mu konkire musakakamize, gwiritsani bowo lina la phazilo, ndipo musaboole pafupi ndi mzere wolumikizira silabu kapena pa mng'alu, bola kusuntha mzere wonse pang'ono mukadali pojambula paja. Wina akakuuzani kuti raki ndi yolemera kale siingagwe, mukumbutseni kuti dziko lathu lili mu chigwa cha Rift Valley, chivomerezi chinagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu December 2009, komanso forklift yobwerera m'mbuyo mosaona imakankha kuposa momwe mukuganizira.

Mizere iwiri yotsamirana misana ilumikizeni ndi tizitsulo take, mpata wa masentimita 20 kapena kuposerapo kuti mapaleti asagundane kumbuyo. Raki musaimangirire ku khoma la njerwa kapena ku matrasi a denga pokhapokha injiniya atanena, ikadzagwa idzapita ndi khomalo. M'makona ndi kumapeto kwa mizere ikani zotchinga zachitsulo za masentimita 40 kutalika zomangidwa pansi pazokha, kenako chikwangwani cholemba zazikulu kuti levulo imodzi makilogalamu akuti, chipinda chonse akuti, mtanda woyamba uli pa msinkhu wakuti. Za msinkhuzi nzofunika, chifukwa akapitawo akadzakweza mtanda wa pansi kuti katundu wamtali alowe, mzati umatsala wautali wopanda chougwira ndipo mphamvu yake imatsika, ndiye musasunthe mitanda musanafunse opanga. Amene mumasunga feteleza dziwani kuti amadya chitsulo koopsa akakumana ndi chinyezi, sesani wotayika tsiku lililonse ndipo muziyang'ana mapazi a mizati.

Mezanini, nsanja ija mumamanga mkati mwa shedi kuti mupeze malo ena pamwamba, imeneyo ndi nyumba ndithu ndipo ikufunika injiniya wa zomangamanga ajambule ndi kusainira, mwini nyumba avomere ngati mukuchita lendi, mufunsenso ku khonsolo ya mzinda ndi a inshuwalansi yanu musanayambe. Lamulo lathu la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa chitetezo cha antchito pa olemba ntchito, ndiye munthu akagwa kapena kugweredwa funso lidzabwera kwa inu bwana. Mezanini yambiri yosungira katundu imapangidwira makilogalamu pafupifupi 500 pa sikweya mita, amenewo ndi matumba 10 okha, pomwe paleti ya tani imodzi imakhala pa malo a sikweya mita 1.2, kutanthauza makilogalamu oposa 800 pa sikweya mita, yapitirira kale. Choncho zolemera pansi, pamwamba makatoni, masipeya, mapepala, ofesi. Mizati yake ndi yochepa koma uliwonse umasenza zambiri kuposa mwendo wa raki, nthawi zina pamafunika kudula silabu nkukumba maziko ake a mzati uliwonse.

Kamangidwe kake ndi mizati kaye, mitanda ikuluikulu, timitanda ting'onoting'ono todutsa, zopingasa zoletsa kugwedezeka, kuyeza levulo, kulimbitsa mabawuti onse, ndiye poponda pake pomwe ambiri amaika matabwa a chipboard ya 38 mm kapena chitsulo chokhakhala chija. Chipboard ndi madzi sizigwirizana, konzani denga lodontha dzinja lisanafike. Pansi pa nsanja ndi pamwamba pake siyani mpata woposa mamita 2 kuti munthu ayende osawerama, ndipo kumbukirani kutentha kwa pansi pa malata mu October, mankhwala, mbewu ndi zakudya zina sizingakhale kumeneko. Zogwirira za m'mbali zikhale za mamita 1.1 zokhala ndi chitsulo china pakati komanso kotchinga m'munsi kuti sipanala kapena katoni isagwere munthu pansi, masitepe akhale enieni osati makwerero oyedzeka, ndipo polandirira mapaleti ikani geti lija lotembenuka loti likatseguka ku forklift limatseka kwa munthu. Tcheni chokoleka anthu amachiiwala chili chomasula. Zopingasa zija pakapita miyezi wina adzati zikutchinga njira tichotse, mukanireni.

Pokweza katundu koyamba yambani ndi malevulo a pansi kukwera m'mwamba, muziona momwe mitanda ikuwerama. Kuwerama pang'ono nkololedwa, mpaka 1 pa 200 ya kutalika kwake, ndiye mtanda wa 2700 mm usapitirire mamilimita 13 kapena 14 pakati, ndipo mukatsitsa katundu uzibwerera, ukakhala chiweramire watha ntchito. Sankhani munthu mmodzi aziyendera maraki sabata iliyonse atanyamula chitsulo chowongoka cha mita imodzi, achigunditse pa mzati pomwe pagundidwa nkuyeza mpata. Malamulo a ku Ulaya a EN 15635 amalola mamilimita 3 ngati mzati wapindikira mkati cha kumbuyo, 5 ngati wapindikira m'mbali motsata mitanda, ndi 10 pa tizitsulo topingasa. Zikapitirira apo tsitsani katundu ndipo musakwezenso mpaka mutasintha chitsulocho, zikafika kawiri ya manambalawa tsitsani nthawi yomweyo mutseke njirayo. Mzati wopindika sawongola ndi jeke kapena moto wa gasi, amachotsa nkuika wina, ndipo kamodzi pachaka muitane katswiri wakunja kwa kampani yanu adzaone zonse. Madalaivala auzeni kuti akagunda azinena tsiku lomwelo, mukamawadula malipiro pa kugunda kulikonse adzangoimika paleti kutsogolo kwa mzati wopindikawo kuti musauone.